MBUNA ZA M'MIYALA ZIWERENGEDWE CHAKA NDI CHAKA

Mwini khola amene sawerenga mbuzi zake madzulo amazindikira mochedwa kuti fisi analowa. Chimodzimodzinso dziko limene lapatula malo otetezedwa m'madzi koma osatuma anthu kukaona zimene zili pansi pake.

M'chaka cha 1980 Boma linakhazikitsa Lake Malawi National Park ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, pamodzi ndi zilumba monga Thumbi, Domwe, Mumbo, Boadzulu ndi Maleri. Lamulo linaletsa kupha nsomba m'kati mwa mamita 100 kuchokera kugombe la malowo. Mu 1984 bungwe la UNESCO linawaika pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha mbuna, tinsomba tokongola timene timadya ndere pamiyala ndi kulera ana m'kamwa.

Mbuna sizikonda kuwoloka pamchenga kapena pamadzi akuya. Nchifukwa chake chilumba chimodzi chimatha kukhala ndi mtundu umene supezeka kwina kulikonse. Matope ochokera m'mapiri odulidwa mitengo akakwirira miyala ya pachilumbacho, ndere sizimera, ndipo mtundu wonsewo ungathe kutha popanda wodziwa. Makoka oponyedwa mobisa usiku amaononganso chimodzimodzi.

Ntchito yolondera njodziwika. Akatswiri amamira, natambasula chingwe choyezedwa pamwamba pa miyala, nalemba nsomba iliyonse imene aiona m'mbali mwake. Chaka chamawa abwereranso pamalo omwewo nyengo yomweyo. Kafukufuku wa A. J. Ribbink ndi anzake, wofalitsidwa mu 1983, anasiya kaundula wa nsomba za m'miyala ya nyanjayi. Kaundulayo ali ndi phindu pokhapokha ngati alipo omfananitsa ndi zimene zikuoneka lero.

Dziko la New Zealand linaonetsa phindu la kupirira. Mu 1975 linaletsa usodzi panyanja yamchere pafupi ndi Leigh, ndipo ophunzira a University of Auckland anapitiriza kuwerenga zamoyo za m'matanthwe a pamenepo. Nsomba zikuluzikulu ndi nkhanu zinachuluka, nkuyamba kudya tizilombo taminga timene tinkapulula zomera za m'madzi. Patapita zaka pafupifupi 20, zomerazo zinabwerera. Popanda olemba chaka ndi chaka, palibe akadakhulupirira. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Tsono alipo ena amene amati ndalama zowerengera tinsomba zikadagulira anthu chimanga. Iwowa aiwala kuti alendo amene amabwera ku Chembe kudzaona mbuna ndiwo amapatsa ntchito oyendetsa mabwato, ophika ndi osema. Komanso msodzi wouzidwa kuti asaponye khoka pamalo pamene atate ake ankaponya ali ndi ufulu wofunsa chimene lamulolo lapindula, ndipo yankho lake liyenera kukhala chiwerengero, osati chiopsezo.

Chotero Dipatimenti ya Nsomba ndi Dipatimenti yoona za Nyama Zakutchire zigwirire ntchito pamodzi, zisunge mabuku, ndipo zotsatira zake ziwerengedwe pamaso pa mafumu ndi makomiti a m'magombe. Ogwira ntchito m'Boma asalole bwato lolondera kukhala pamtunda chifukwa chosowa mafuta. Atsogoleri a m'madera afotokozere anthu pamisonkhano, ndipo iwo eni akhale oyamba kumvera lamulo. Mtsogoleri wopezeka akuteteza wophwanya lamuloli wanyozetsa Boma, pakuti mtundu wa mbuna ukatha sudzabwereranso.