Kodi ufulu wathu umathera pa Nayuchi?

Anzanga a geni pa Balaka ndi pa Liwonde, mukamva zoti kuli anthu amalandira malipiro chifukwa chofufuza za "kudzilamulira kwa maiko", mwina museka nkumati awo ndi osowa chochita. Taimani kaye. Mtengo wa feteleza, mchere ndi petulo umene mumadandaula nawo uli m'kati mwa phunziro lomwelo.

Mmodzi mwa akadaulo a phunziroli ndi Robert Jackson, yemwe anaphunzitsa zaka zambiri pa yunivesite ya British Columbia ku Canada asanasamukire ku Boston. M'chaka cha 1982 iye ndi mnzake Carl Rosberg analemba buku lotchedwa Personal Rule in Black Africa, momwe anagawa atsogoleri a muno mu Africa m'magulu anayi. Kamuzu anamuika m'gulu la olamulira okha, oyendetsa dziko ngati esiteti yawo. Inu amene munauona ulamuliro wa chipani chimodzi muweruze nokha.

Koma buku limene linamutchukitsa ndi Quasi-States la mu 1990. Ine ndinakumana nalo ndisanasiyire panjira sukulu ya ukachenjede, ndipo mutu wakewo umandiwawa mpaka lero, pakuti ukutanthauza maiko ongoyerekeza. Jackson akuti ufulu ulipo wa mitundu iwiri. Woyamba ngwakuti maiko ena asalowerere za m'nyumba mwako: uli ndi mbendera, malire ndi mpando ku United Nations, monga tinapatsidwira ife mu 1964. Wachiwiri ndi mphamvu yeniyeni yodyetsa, kuteteza ndi kutumikira anthu ako. Iye akuti maiko ambiri a mu Africa analandira woyambawo kwaulere, wachiwiriwo alibe, ndipo amene amapindula ndi woyambawo ndi wolamulira, osati wolamulidwa.

Apa sindimutsutsa. Anthu akamatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu, boma linkabisala kuseri kwa mawu oti Malawi ndi dziko loima palokha. Ndipo mu May 1992, maiko otithandiza atakumana ku Paris nkuimitsa chithandizo cha chitukuko, ndani mwa okonda matipate analira kuti azungu atilowerera? Panabwera riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo chaka chotsatira mwana wa kwa Kapoloma ku Machinga konkuno, a Bakili Muluzi, analowa m'boma.

Pamene ndikusiyana naye mkuluyu ndi pa njanji. Powerenga buku lake umaona ngati kufooka kwathu konse nkochokera m'nyumba. Akanakwera sitima kuchoka pa Nkaya kudutsa pa Liwonde mpaka pa Nayuchi, akanaona kuti dziko lopanda doko limapuma ndi mphuno ya mnzake, ngakhale mtsogoleri wake atakhala mngelo.

Njanji imeneyi inatsegulidwa mu 1970 ndi ngongole ya ku South Africa ya atsamunda, ndipo inkalowa m'dziko lomwe linali m'manja mwa Apwitikizi. Anzathu a mu Africa ankatinyoza kuti tagulitsa ufulu. Kamuzu naye ankaona kuti akuugula, popeza kudalira doko la Beira lokha kunali kuika khosi m'dzanja limodzi. Onse awiri anali ndi mfundo, ndipo ndi pomwe nkhani yakomera.

Nanga chinachitika nchiyani? Nkhondo itakula ku Mozambique, zigawenga za Renamo zinaononga njira ya ku Nacala, ndipo pofika 1984 sitima zinaima. Ya ku Beira nayo inafa, mlatho wa Dona Ana pa Zambezi nkuphulitsidwa. Katundu wathu anayamba kuzungulira pa malole mpaka ku Durban, ndipo amene analipira ulendo wautaliwo ndi mayi wogula sopo pa okala. Mu September 1986 Samora Machel, Kenneth Kaunda ndi Robert Mugabe anabwera ku Blantyre kudzamuuza Kamuzu maso ndi maso kuti asiye kulekerera Renamo. Mu 1987 asilikali athu anawoloka malire kukalondera njanji ya ku Nacala. Tangoganizani: asilikali a Malawi kukaika moyo pachiswe m'dziko la eni kuti fodya wathu afike kunyanja. Ufulu umenewu tiuike m'gulu liti, woyamba kapena wachiwiri?

Nkhondo inatha mu 1992, koma funso silinathe, linangovala suti. Mu 1999 boma linapereka njanji zathu m'manja mwa kampani ya Central East African Railways. Mu 2011 linasainirana ndi kampani ya ku Brazil ya Vale, yomwe inamanga njanji yatsopano kuchoka ku migodi ya malasha ya ku Moatize, kudzalumikiza pa Nkaya, nkukonzanso ya ku Nayuchi. Mu 2022 Vale inagulitsa zonse kwa kampani ya Vulcan. Njanji yabwino ilipo, sindikana, koma inamangidwira malasha a ku Tete opita kunja. Ifeyo ndi njira chabe. Ndipo zipolowe zitabuka ku Mozambique chisankho cha October 2024 chitatha, malole athu anavutikanso m'njira, mizere ya pa filing'i siteshoni nkutalika.

Chodabwitsa nchakuti Jackson yemweyo, m'buku lake la mu 2000 la The Global Covenant, anaikira kumbuyo ufulu woyamba uja, nati maiko amphamvu asamalowerere maiko ofooka mwachisawawa. Kukalamba kumafewetsa, kapena anaona kuti chishango chokhacho chimene wosauka ali nacho ndi chomwecho.

Ophunzira athu a zandale, mabuku a Jackson werengani ndithu, koma kafukufuku wanu mukachitire pa Nayuchi, m'malo mongobwereza za Westphalia wa mu 1648. Ndipo aphungu a Machinga ndi Balaka aitanitse misonkhano, atiuze m'Chichewa ndi m'Chiyao kuti pa sitima iliyonse ya malasha yodutsa pa Nkaya boma limapatapo zingati, komanso kuti katundu wa a Malawi anamusiyira malo ochuluka bwanji pa njanji imeneyi.