Kapisozi sazula dzino

M'tuntemba ta pamsika wa Petauke kapena ta m'mbali mwa Great East Road pa Nyimba, munthu akafika atagwira tsaya safunsidwa zambiri. "Dzino? Tengani Amoxil ndi Flagyl, mawa mudzadya nsima." Wogulitsa amawerenga makapisozi molingana ndi ndalama imene ili m'dzanja la wodwala, anayi kapena asanu ndi limodzi, n'kuwakulunga m'kapepala. Ena akafika kunyumba amatsegula kapisozi n'kuthira ufa wake m'bowo la dzino. Malonda amenewa akutipweteka tonse, ndipo wolakwa wamkulu si wodwala ayi.

Dzino likabooka mpaka kufika pamtsempha, mtsemphawo umafa n'kuyamba kuwola. M'kati mwake mumaswana tizilombo ta bakiteriya timene timakula bwino pamalo opanda mpweya wa okosijeni, ndipo n'timene timachititsa fungo ndi mafinya kunsi kwa muzu. Flagyl, amene dzina lake lenileni ndi metronidazole, amaphadi tizilombo ta mtundu umenewu. Koma mankhwala akumwa amayenda ndi magazi, ndipo m'dzino lakufa magazi safikamo. Ndiye kutupa kumaphwa kwa kanthawi, gwero la matenda lili pomwepo, kenaka tsaya n'kutupanso kuposa kale. Chithupsa chikapsa tonse tidziwa kuti mankhwala ake ndi kuchiboola mafinya atuluke. Dzino nalonso n'chimodzimodzi: lizulidwe, kapena litsukidwe m'kati ndi kumatidwa, mafinya achotsedwe. Pa dzino longopweteka chabe, Panadol athandiza kuposa kapisozi pamene mukukonza ulendo wa kuchipatala.

Ilipo nthawi imene maantibayotiki amapulumutsa moyo. Kutupa kukatsikira kunsi kwa chibwano ndi m'khosi, thupi likatentha, pakamwa pakakana kutseguka, malovu akavuta kumeza, matendawo afalikira ndipo angatseke njira ya mpweya. Madokotala amawatcha Ludwig's angina. Apa musadikire kuti kuche. Pezani njinga yamoto muthamangire ku Nyimba District Hospital, ku Minga Mission kapena ku Kalindawalo General Hospital. Kumeneko amoxicillin (Amoxil uja) kapena penicillin amaperekedwa pamodzi ndi metronidazole pamlingo wokwanira, nthawi zina kudzera m'mitsempha, kwinaku mafinya akuchotsedwa. Wopereka mankhwala wophunzira amachenjezanso kuti Flagyl sayenderana ndi mowa, kaya kachasu kaya chibuku. Wa pakantemba amanena zimenezi?

Ngozi ina ndi ya mudzi wonse. Mu 1945, polandira mphotho ya Nobel, Alexander Fleming amene anatulukira penicillin anachenjeza kuti kumwa mankhwala osakwanira kumazoloweretsa tizilombo m'malo motipha. Kafukufuku amene anatuluka m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2022 anapeza kuti mu 2019 mokha anthu okwana 1.27 miliyoni anafa chifukwa cha tizilombo tosamva mankhwala, ndipo vutoli linakula kwambiri kuno kumwera kwa Sahara. Amoxicillin amene tikutafuna chifukwa cha dzino ndi yemweyo amene namwino amadalira mwana akadwala chibayo. Metronidazole ndi amene amathandiza mayi akatenga matenda pambuyo pobereka. Tikawafooketsa lero, mawa tidzalira maliro amene tikanawapewa.

Akuluakulu amakonda kunena kuti anthu akumudzi samva. Bodza limenelo. Mlimi wa kwa Nyalugwe, kwa Luembe kapena kwa Sandwe sagula kapisozi chifukwa cha umbuli, amawerengera. Thandizo la mano limapezeka makamaka m'zipatala zazikulu, ulendo wa pa boma umadya ndalama ya tini la chimanga, ndipo nthawi ya dzinja tsiku limodzi lotayika kumunda ndi udzu. Akafika pakiliniki yapafupi, pamene palibe wodziwa kuzula dzino, amapatsidwa makapisozi omwewo chifukwa namwino alibe china chomupatsa. Nanga waphunzira chiyani pamenepo? Waphunzira kuti mankhwala a dzino ndi kapisozi, ndipo ulendo wina adzadzigulira yekha.

Lamulo lilipo. Medicines and Allied Substances Act ya 2013 inapatsa bungwe la ZAMRA mphamvu zoyang'anira malonda a mankhwala, ndipo maantibayotiki sayenera kugulitsidwa popanda chikalata cha dokotala. ZAMRA igwire ntchito yake, koma kulanda makapisozi pamsika osabweretsa wozula mano ndi kungomusiya munthu ndi ululu wake. Dziko lino limaphunzitsa akatswiri a mano ku Copperbelt University ku Ndola ndi ku Levy Mwanawasa Medical University ku Lusaka. Unduna wa Zaumoyo uwalembe ntchito, uwatumize kuno ndi zipangizo, jekeseni wochititsa dzanzi ndi galimoto, kuti kiliniki iliyonse ikhale ndi tsiku la mano lodziwika mwezi ndi mwezi. Aphungu a Petauke ndi Nyimba ali ndi ndalama zachitukuko za CDF zimene zamanga makalasi ndi zipinda zochirira amayi. Mpando wa mano sungawakanike. Makhansala ndi mafumu, pamsonkhano wotsatira wa chitukuko funsani kuti wozula mano abwera liti.