Nkhuyu Zodya Akulu Zikupota Ana: Mbiri ya Mipikisano ya Baseball ya M'zigawo

Makolo athu adati nkhuyu zodya mwana zimapota wamkulu, kutanthauza kuti mwana akapalamula, mlandu umagwera kholo lake. Koma munthu akaitsata bwino mbiri ya mipikisano ya baseball ya ana, makamaka ya bungwe la Little League la ku America, amapeza kuti mwambiwu udatembenuzika. Kumeneko nkhuyu amadya ndi akuluakulu, opotedwa nkukhala ana. M'nkhani ino ndikufuna kuonetsa kuti zinthu ziwiri zopangidwa ndi akuluakulu, mapu ndi mapepala, ndizo kawirikawiri zakhala zikugamula za amene asewere ndi amene atsale, mpira usanaponyedwe nkomwe.

Popeza ambirife baseball timangoyionera pa kanema, ndi bwino kuyamba ndi kufotokoza kaseweredwe kake. Timu imakhala ndi osewera 9 m'bwalo. Mmodzi amaponya kampira kolimba, wa timu inayo nkukamenya ndi ndodo, kenako nkuthamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo. Akabwerera pamene adayambira asanatulutsidwe, ndiye kuti wapezera timu yake chigoli.

Bungwe la Little League adaliyambitsa ndi Carl Stotz mu 1939 mumzinda wa Williamsport, m'dera la Pennsylvania, ndipo lidayamba ndi matimu atatu okha. Mpikisano waukulu woyamba udachitika mu 1947. Mwa matimu 12 omwe adasewera, 11 adali a ku Pennsylvania komweko ndipo imodzi idachokera ku New Jersey. Posakhalitsa mpikisanowu udapatsidwa dzina loti Little League World Series. Monga wophunzira za zilankhulo, dzinali limandichititsa chidwi, chifukwa lidayamba kutchula dziko lonse lapansi dzikolo lisanaitanidwe. Timu yoyamba yakunja, ya ku Montreal ku Canada, idafika mu 1952, ndipo yoyamba kutenga chikho idali ya ku Monterrey ku Mexico mu 1957.

Matimu atachuluka, padafunika njira yosefera. Apa ndi pomwe padabadwira mipikisano ya m'zigawo. Ligi iliyonse ili ndi malire ake pa mapu, ndipo imasankha ana aluso a m'malirewo kuti apange timu imodzi. Timuyo imakwera makwerero: iyambe yapambana kwawo, kenako m'dera lake, kenako m'chigawo chachikulu, ndipo katswiri wa chigawo ndiye amapita ku Williamsport. Mu 2001 malo adakhala 16, theka la America ndi theka la maiko ena onse. Mu 2022 adawonjezedwa kufika pa 20. Choncho chipata chenicheni cha mpikisanowu chili pachigawo, ndipo nkhani zambiri zomvetsa chisoni zidachitikira pachipata chimenechi.

Chitsanzo choyamba ndi cha mu 1955, mumzinda wa Charleston ku South Carolina. Timu ya Cannon Street YMCA idali ya ana achikuda okhaokha, ndipo matimu onse a azungu m'deralo adakana kusewera nayo. Likulu la Little League lidachita bwino pokana pempho loti azungu akhale ndi mpikisano wawowawo. Akuluakulu okwiya adatuluka nkukayambitsa bungwe lina, lomwe pambuyo pake lidatchedwa Dixie Youth Baseball. Ana a Cannon Street adakhala akatswiri a dera lawo popanda kusewera ndi wina aliyense. Koma itafika nthawi ya mpikisano wa chigawo mumzinda wa Rome ku Georgia, adauzidwa kuti lamulo silikulola timu yopambana chifukwa chosowa mdani kupitirira. Adaitanidwa ku Williamsport ngati alendo chabe. Anthu oonerera adafuula kuti anawo aloledwe kusewera, koma sizidatheke. Amene adachita tsankho ndi akuluakulu, amene adalemba lamulo ndi akuluakulu, koma amene adakhala pampando nkumaonerera anzawo ndi ana a zaka 12.

Chitsanzo chachiwiri ndi cha Taiwan. Matimu a kumeneko adatenga chikho ka 17 pakati pa 1969 ndi 1996. Mu 1975, matimu onse akunja adaletsedwa kupita ku Williamsport, ndipo mpikisano wa "dziko lonse" udatsala ndi matimu anayi a ku America. Chiletsochi chidachotsedwa chaka chotsatira. Ngakhale zidali choncho, mwana wa ku Canada kapena ku Mexico amene adali ndi zaka 12 mu 1975 sadapezenso mwayi wina. Mpikisano wa ana uli ngati mvula ya chizimalupsa: ikakudutsa yakudutsa. Wamkulu akhoza kukonza lamulo chaka chamawa, koma mwana sangabwezere zaka zake m'mbuyo.

Pano wina akhoza kunena kuti popanda malamulo a malire ndi zaka, mpikisanowu ungasanduke chipwirikiti. Zimenezi ndi zoona, ndipo mbiri ikuchitira umboni. Mu 1992 timu ya ku Zamboanga ku Philippines idalandidwa chikho zitadziwika kuti ena mwa osewera ake adatengedwa kunja kwa malire a ligi yawo, ndipo chikhocho chidapita ku Long Beach, California. Mu 2001 timu ya ku Bronx mumzinda wa New York idagwiritsa ntchito woponya mpira wa zaka 14 pomunamizira kuti ali ndi zaka 12. Poti woponya amaima pamtunda wa mamita 14 okha kuchokera kwa womenya, chinyengo chotere chikhoza kuvulaza mwana. Nayonso timu ya Jackie Robinson West ya ku Chicago, yomwe idali katswiri wa America mu 2014, idalandidwa ulemuwo mu 2015 chifukwa akuluakulu ake adasintha mapu a malire. Choncho sindikunena kuti malamulowa athetsedwe. Chimene ndikufunsa nchakuti: pa milandu yonseyi, ndi mwana uti amene adajambula mapu kapena kudinda chiphaso cha kubadwa?

Funsoli limafika pafupi ndi kwathu tikaona zomwe zidachitikira ana a ku Uganda. Mu 2011 timu ya Rev. John Foundation ya ku Kampala idapambana mpikisano wa chigawo cha Middle East ndi Africa, womwe udachitikira mumzinda wa Kutno ku Poland. Ikadakhala timu yoyamba ya mu Africa kusewera ku Williamsport. Koma boma la America lidawakaniza viza ponena kuti mapepala awo oonetsa zaka sadali kugwirizana. Malo awo adatengedwa ndi timu ya ku Dhahran, Saudi Arabia. Lamulo lofuna chiphaso cha kubadwa limaoneka lofanana kwa aliyense, koma lidalembedwa m'dziko lomwe mwana amalembedwa m'kaundula atangobadwa. Ife Amalawi tikudziwa kuti kwina zinthu sizili choncho. Kwathu kuno lamulo la kalembera wa nzika lidakhazikitsidwa mu 2010, ndipo kalembera wamkulu wa ziphaso zaunzika adachitika mu 2017. Mwana wosowa chiphaso sikuti ndi wachinyengo ayi. Nthawi zambiri amakhala mwana wobadwira kumudzi, kutali ndi ofesi.

Chaka chotsatira, mu 2012, timu ya ku Lugazi ku Uganda komweko idapambana chigawo, mapepala ali m'malo, nkukhala yoyamba ya mu Africa kufika ku Williamsport. Mu 2015 timu ina ya ku Kampala idagonjetsa Dominican Republic, dziko lomwe baseball ili m'magazi, ndi zigoli 4 kwa 1. Izi zikuonetsa kuti luso lidalipo kale, chomwe chidasowa ndi khomo. Komabe mapu akadali opendekera. Kuyambira mu 2013 Africa yense adaphatikizidwa ndi Ulaya m'chigawo chimodzi, pamene Japan, Mexico, Canada ndi Australia lililonse lili ndi malo akeake. Nzoona kuti malo amagawidwa potengera kuchuluka kwa maligi, ndipo mu Africa maligi ndi ochepa. Koma achuluka bwanji ngati mwana wa mu Africa ayenera kupeza ndalama za ndege ndi viza ya ku Ulaya kuti akasewere mpikisano wotchedwa wa chigawo chake?

Maganizo anga ndi atatu. Poyamba, mapepala a zaka ndi malire aziunikidwa mokwanira mpikisano wa chigawo usanayambe, osati ana atasewera kale ndi kupambana. Chachiwiri, chilango chachikulu chizigwera mphunzitsi wa timu, mkulu wa ligi kapena kholo lomwe lachita chinyengo, ndipo chizikhala chokhalitsa. Chachitatu, kumene kalembera wa ana obadwa ali wofooka, bungwe loyendetsa mpikisano lizithandiza matimu kusonkhanitsa umboni wa zaka, monga wa kusukulu ndi wa kuchipatala, nthawi ikadalipo. Mfundo zimenezi zingathandizenso mpira wamiyendo wa achisodzera, kumene mikangano ya zaka idafika poti bungwe la FIFA lidayamba kuunika mafupa a pamkono ndi makina a MRI mu 2009.

Pomaliza, nkhani ya Uganda ili ndi mbali ina yoyenera kuikumbukira. Timu ya ku Langley ku Canada, yomwe imayenera kukumana ndi ana a ku Kampala m'masewero awo oyamba mu 2011, idanyamuka mu Januwale 2012 kupita ku Uganda kukasewera masewero omwe adalephereka aja, ndipo adapambana ndi a ku Uganda. Padalibe chikho, koma anthu amene adakonza ulendowo adamvetsa kuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Oyendetsa mipikisano ya m'zigawo akamajambula mapu ndi kulemba malamulo, azikumbukira kuti mwana amakhala ndi zaka 12 kamodzi kokha.