Kodi mbiri ya Kamuzu Academy ingakwane m'chiganizo chimodzi?

Chaka chilichonse likamayandikira tsiku la 14 May, pamene Amalawi amakumbukira Dr Hastings Kamuzu Banda, masamba a mchezo monga Facebook ndi WhatsApp amadzaza ndi timauthenga tifupitifupi toyamba ndi mawu akuti "Kodi mukudziwa kuti...?" Mwa zinthu zimene mtsogoleri woyamba wa dziko linoyu adasiya, sukulu ya Kamuzu Academy ya ku Mtunthama m'boma la Kasungu siisowa m'timauthengati. Sukuluyi, yomwe si yaboma, ili ndi mbiri yodzadza ndi zodabwitsa, choncho aliyense wofuna kukopa maso a owerenga amathamangira komweko.

Kulemba chiganizo chotere kumaoneka ngati ntchito yopepuka. Mlembi amatola mfundo imodzi, n'kuikometsera, n'kuiponya ngati nyambo kuti wowerenga aime kaye. Koma anthu ambiri amameza nyamboyo n'kupitirira ulendo wawo osawerenga nkhani yonse. Kwa iwo, chiganizo chimodzicho ndicho chimasanduka mbiri yonse ya sukuluyo.

Kalembera wa 2018 adapeza kuti dziko lino linali ndi anthu 17.5 miliyoni, ndipo pafupifupi theka la iwo anali osakwana zaka 18. Onsewa adabadwa Kamuzu atamwalira kale mu November 1997. Sadaone ulamuliro wa chipani chimodzi, sadaponye voti pa riferendamu ya pa 14 June 1993, ndipo zambiri zokhudza nthawiyo amazimvera kwa makolo kapena pa foni. Wolemba kauthenga ka mizere iwiri ndiye mphunzitsi wawo wa mbiri yakale, ngakhale iye mwini sazindikira kuti wasenza udindo wotere.

Chiganizo chomwe chimatchuka kwambiri n'chakuti Kamuzu Academy ndi "Eton ya mu Africa". Dzinali lidayamba kalekale ndipo nyuzipepala zakunja zimalikonda. Eton College ndi sukulu ya ku England imene Mfumu Henry VI idakhazikitsa mu 1440, ndipo pasukuluyi padaphunzira nduna zazikulu 20 za dziko la Britain, kuphatikizapo David Cameron ndi Boris Johnson. Kwa munthu wa ku London, dzina la Eton limamuuza zonse nthawi yomweyo. Kwa munthu wa ku Ndirande kapena ku Mchesi, dzinali ndi mwambi wofunika kuumasulira, ndipo nyambo yofuna kumasuliridwa siigwira nsomba.

Vuto lina n'lakuti kufananitsaku kumabisa zenizeni. Eton ndi ya anyamata okhaokha mpaka lero, pamene Kamuzu Academy imalandira anyamata ndi atsikana omwe. Pakati pa kukhazikitsidwa kwa sukulu ziwirizi pali zaka 541. Kumene zimafananadi ndi kumene olemba timauthengati satchula: Eton idayamba ngati sukulu yophunzitsa mwaulere anyamata osauka 70, kenako n'kusanduka ya ana a anthu olemera, ndipo sukulu ya ku Mtunthama nayo idayenda njira yofanana ndi imeneyo, koma m'zaka zochepa chabe. Wongoti "Eton ya mu Africa" wabwereka ulemerero wa eni ake, koma sadanene chilichonse chokhudza Kasungu.

Chiganizo chachiwiri chimakhudza mtima kwambiri: "Kodi mukudziwa kuti ana osauka ochokera m'maboma onse amaphunzira mwaulere ku Kamuzu Academy?" Mfundoyi ili ndi maziko. Sukuluyi itatsegulidwa mu 1981, ana okhoza bwino ankasankhidwa kuchokera m'maboma onse a dziko lino, ndipo ankaphunzira osalipira, kaya kwawo n'kosauka motani. Koma Kamuzu atagonja kwa Bakili Muluzi pa chisankho cha pa 17 May 1994, gwero la ndalama zoyendetsera sukuluyi lidayamba kuphwa. Kuti isatsekedwe, idayamba kudalira fizi, ndipo lero ophunzira ambiri amalipira ndalama zimene mabanja ochuluka m'dziko muno sangazikwanitse.

Apa Chichewa chenichenicho chili ndi msampha. Liwu lakuti "amaphunzira" likalembedwa likhoza kutanthauza zomwe zimachitika masiku ano, likhozanso kutanthauza zomwe zinkachitika kale. Polankhula, kakwezedwe ka mawu ndiko kamasiyanitsa ziwirizi, koma papepala kusiyanako sikuoneka. Kholo la ku Nsanje lomwe mwana wake wakhoza bwino mayeso a Sitandade 8 likhoza kuwerenga chiganizochi n'kukhulupirira kuti zinthu zikadali monga zinalili mu 1981. Mlembi wosamala amalemba kuti "ankaphunzira", n'kuikapo chaka. Kusiyana kwa "ma" ndi "nka" n'kwa zilembo zochepa, koma ndi kumene kumalekanitsa mbiri yakale ndi lonjezo labodza.

Chiganizo chachitatu n'cha anthu odzudzula. Iwo amakumbutsa kuti m'nthawi ya Kamuzu aphunzitsi a pasukuluyi ankachokera kunja, makamaka ku Britain, chifukwa mwini sukuluyo sankafuna kuti Mmalawi aphunzitsepo. Amakumbutsanso kuti ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki, koma Chichewa sichinali pa mndandanda wa maphunziro, chonsecho ndi boma la Kamuzu yemweyo lomwe mu 1968 lidakweza Chichewa kukhala chiyankhulo cha dziko, n'kuchotsa Chitumbuka pa wailesi. Mfundozi n'zoona ndipo siziyenera kukwiriridwa. Zimasonyeza munthu yemwe ankanyadira chikhalidwe cha kwawo pamisonkhano, koma pankhani ya maphunziro apamwamba ankakhulupirira za ku Ulaya zokha.

Komabe nazonso zikaponyedwa popanda nthawi yake zimasocheretsa. Masiku ano Amalawi amaphunzitsa pasukuluyi. Chiganizo chongoti "Amalawi saloledwa kuphunzitsa ku Kamuzu Academy" chikhoza kufala msanga chifukwa chimakwiyitsa, koma chimanamizira anthu omwe akugwira ntchito pamalopo lero. Mkwiyo umayenda mofulumira pa foni kuposa chilichonse, ndipo uthenga wokonza cholakwikacho sufika konse kumene bodzalo lidafika. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa. Wotumiza kauthenga komwe sadakafufuze amakhala kandimverere wa anthu mazanamazana pa kanthawi kochepa.

Ziganizo zitatuzi zikuonetsa kuti kusankha mfundo imodzi n'kutenga mbali. Otamanda Kamuzu amasankha nyumba zokongola, laibulale yomangidwa motsanzira Library of Congress ya ku Washington, ndi ana a m'midzi owerenga Chilatini. Omudzudzula amasankha aphunzitsi achizungu ndi chuma chochuluka chothiridwa pa ana mazana ochepa pamene anzawo ambirimbiri ankasowa malo ku sekondale. Funso la ngati dziko losauka liyenera kumanga sukulu imodzi yapamwamba kapena kugawa zochepazo kwa onse silidathe ndi imfa ya Kamuzu. Boma litayambitsa maphunziro aulere a pulaimale mu 1994, chiwerengero cha ana m'sukulu chidakwera kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo makalasi ndi aphunzitsi sadakwanire. Mkangano wa pakati pa kuchuluka kwa ophunzira ndi ubwino wa maphunziro ukadalipo, ndipo kauthenga kalikonse konena za sukulu ya ku Mtunthama kamaukhudza, kaya mlembi akufuna kapena ayi.

Izi sizikutanthauza kuti chiganizo chokopa n'choipa. Nyuzipepala iliyonse imadalira mitu ya nkhani, ndipo nkhani yabwino yopanda chokopa imafera patsamba. Chofunika n'chakuti mfundo yosankhidwayo ikhale yoona yokha payokha, ikhale ndi chaka chake, imveke kwa munthu yemwe sadamvepo za sukuluyo, ndipo imusiye ndi ludzu lofuna kudziwa zambiri m'malo momupatsa chigamulo chophikaphika.

Pa Mtunthama pali mfundo yokwaniritsa zonsezi. Sukuluyi idamangidwa pafupi ndi mtengo wa kachere umene anthu amati Kamuzu adayambira maphunziro ake pansi pake ali mwana. Chiganizo chake chikhoza kukhala chotere: "Kodi mukudziwa kuti mu 1981 Kamuzu Banda adatsegula sukulu yophunzitsa Chilatini ndi Chigiriki pafupi ndi mtengo wa kachere umene akuti iye adaphunzirira kuwerenga pansi pake?"

Chiganizochi chili ndi chaka, dzina la munthu, ndi chithunzi chomwe Mmalawi aliyense angachione m'maganizo, chifukwa ana ophunzirira pansi pa mtengo si nthano m'dziko muno. Chimaika mtengo wa kachere ndi Chigiriki pamalo amodzi, ndipo kudabwitsa kwake kumachokera pomwepo, popanda mawu okokomeza monga "yoposa zonse" kapena "yoyamba mu Africa", omwe nthawi zambiri palibe amene angawatsimikize. Wotamanda akhoza kuonamo mwana wa m'mudzi yemwe adapita ku South Africa, America ndi Scotland, n'kubwerera kwawo mu 1958, kenako n'kumanga sukulu pamene adayambira. Wodzudzula akhoza kufunsa chifukwa chimene munthu wodziwa kuwawa kwa kuphunzirira pansi pa mtengo adasankhira kumanga sukulu imodzi ya ana ochepa. Onse awiriwa afuna kuwerenga nkhani yonse, ndipo ntchito ya nyambo ndi imeneyo.

Liwu lakuti "akuti" m'chiganizomo silidalowemo mwangozi. Nkhani ya mtengo wa kachere ndi yomwe Kamuzu mwini ndi anthu a m'deralo ankafotokoza, ndipo za ubwana wake sizidalembedwe panthawiyo. Ngakhale chaka chimene adabadwa chili ndi mkangano: boma lake linkati 1906, pamene ofufuza mbiri ambiri amati cha m'ma 1898. Mlembi wofuna chiganizo chakuthwa amayesedwa kuchotsa "akuti" chifukwa amaona ngati kakufooketsa mawu. Koma kaliwu kameneka ndiko kamauza wowerenga malire a zimene zikudziwika, ndipo owerenga amakhulupirira kwambiri nyuzipepala yodziwa kusiyanitsa zolembedwa ndi zongomva.

Phunziroli silikhudza Kamuzu Academy yokha. Sukulu zakale za mishoni, monga ya ku Khondowe imene Dr Robert Laws adayambitsa mu 1894, nazonso zili ndi mbiri imene anthu amaifupikitsa m'mizere iwiri, ndipo sukulu zoima pazokha zamakono zimagwiritsa ntchito mawu okopa pofuna kupeza ophunzira. Kumeneko chiganizo chokometsera chimakhudza thumba la kholo mwachindunji. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo kholo lomwe lalipira fizi chifukwa cha mzere umodzi wosangalatsa limadzazindikira nyererezo ndalama zitapita kale.

Akonzi a nyuzipepala ndi mawailesi amathera nthawi yaitali pa nkhani zazitali, koma kachigawo ka "Kodi mukudziwa" kamatengedwa ngati kongodzazira malo. Chonsecho ndi kachigawo kameneka komwe anthu amakajambula n'kukatumiza m'magulu a WhatsApp, ndipo kamakhalabe kakuzungulira patapita zaka, dzina la nyuzipepala lili pamwamba pake. Mkonzi asanavomereze kuti kasindikizidwe, ayenera kufunsa kumene mfundoyo yachokera, chaka chimene zidachitika, ndiponso ngati zikadali choncho lero. Chiganizo cholephera kuyankha mafunso atatuwa chibwerere kwa mlembi wake.