Zinyalala za m'migodi azipete, asazisunge m'madamu

Mlimi wa mpunga ku sikimu ya Bwanje Valley ku Mtakataka akamagula feteleza wokulitsa, pathumba pamakhala chilembo cha S. Kale ankalemba 23:21:0+4S, pano ambiri ndi 23:10:5+6S+1Zn. Chilembocho chikuimira sulufule, chakudya cha mbewu chomwe dziko lino limagula kunja ndi ndalama zosowa.

Chodabwitsa n'chakuti sulufuleyo alipo m'dziko momwe muno. Akatswiri adapeza kalekale miyala ya pyrite ndi pyrrhotite ku Malingunde m'boma la Lilongwe komanso ku Chisepo m'boma la Dowa. M'migodi yambiri miyala yotereyi imangotayidwa kudzala, ndipo ikakumana ndi mvula ndi mpweya imatulutsa asidi.

Zomwe asidi amachita mumtsinje zidaoneka ku Zambia pa 18 February 2025, pomwe damu la zinyalala la kampani ya Sino-Metals lidaphulika ku Chambishi. Nsomba zidafa mumtsinje wa Kafue, mbewu zidapserera, ndipo mipopi ya mumzinda wa Kitwe idatsekedwa. Malingunde ali m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, womwe umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amathira m'nyanja yomwe asodzi a ku Mtakataka amaphamo usipa.

N'chifukwa chake boma likuyenera kumafunsa kampani iliyonse yofuna kukumba komwe kuli miyalayi ngati yayesa kuilekanitsa popanda madzi.

Nzeru yake si yachilendo kwa mayi wodziwa lichero. Akamapeta, gaga amauluka, mphale n'kutsala. Pyrite amalemera pafupifupi kawiri kuposa mchenga, choncho miyala ikaphwanyidwa n'kuumitsidwa, makina ogwedeza ndi kuuzira mphepo amatha kusiyanitsa ziwirizi. Pyrrhotite wina amakokedwa ndi maginito. Makina ena amagwiritsa ntchito mphamvu ya magetsi, monga amachitira polekanitsa mchenga wakuda wa mtundu womwe umapezeka ku Chipoka.

Zotsalazo zimaunjikidwa zouma, osati phala lodikira kugumula khoma mvula ikakula. Zopetedwazo n'zomwe amapangira asidi wogwiritsa ntchito m'fakitale za feteleza.

Eni migodi anganene kuti njirayi ili ndi zovuta, ndipo sakunama. Miyala ikaperedwa kwambiri ngati ufa woyera, mphepo imalephera kuisiyanitsa bwino. Kuumitsa kumadya magetsi, omwe ndi osadalirika kale. Choopsa kwambiri ndi fumbi, lomwe limawononga mapapo. Mabanja omwe abambo awo adabwera ku Joni akutsokomola akulidziwa bwino.

Koma fumbi lingatchingidwe m'nyumba ya makina, ndipo wantchito angavale chophimba kumphuno. Mtsinje wothiridwa asidi ulibe chophimba.

Bungwe la MEPA, lomwe limavomereza malipoti a zachilengedwe mgodi usanayambe, lisamasainire lipoti losafotokoza komwe sulufule adzapite. Mafumu a kwa Kachindamoto nawo, alendo ofufuza miyala akafika ku Golomoti kapena kumtunda kwa mtsinje wa Namikokwe, asamangofunsa za ntchito ndi chipukutamisozi. Afunsenso kuti zinyalala zidzasungidwa zouma kapena zonyowa, ndipo yankholo lilembedwe papepala.