Demokalase ifikenso kwa wakhunyu

Abale anga, tiuzane zoona. Mu 1987, ku Grenoble, Pulofesa Alim-Louis Benabid anayamba kuletsa kunjenjemera kwa odwala polowetsa kawaya kamagetsi mkati mwa ubongo. Ukatswiri wotere ine ndimauvulira chipewa. Koma kwathu kuno mwana wakhunyu akagwera pamoto, ena amathawa, ati malovu ake amapatsira matendawa. Bodza lamkunkhuniza! Khunyu sapatsirana, ndipo phenobarbital, mankhwala otchipa oletsa kugwa, alipo kuyambira 1912. Ofufuza ku Blantyre anapezanso kuti malungo ogwira ubongo amasiyira ana ena khunyu. Inu madokotala amene munabwerako kunja titavota mu 1993, nayo ntchito. Ufulu wosafika kwa mwana ameneyu ndi wam'tauni basi.