Njira ya sitima ya ku Arctic siitsitsa mtengo wa feteleza ku Mponela

Thumba la feteleza lomwe mlimi wa ku Mponela amakweza panjinga limakhala litayenda ulendo wautali kuposa mwini wakeyo. Limakwera sitima yapamadzi, kutsika padoko la Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenaka thiraki n'kulibweretsa mumsewu wa M1. Mabelo a fodya ochoka m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi nawo akagulidwa kuokushoni ya ku Kanengo amalowera kumadoko komweko. Choncho nkhani ya njira za sitima panyanja zamchere imakhudza m'thumba mwa mlimi, ngakhale dziko lathu lilibe doko.

Masiku ano maiko akuluakulu akukamba za njira yatsopano yodzera kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi, panyanja ya Arctic. Kuyambira kalekale nyanjayi imakutidwa ndi madzi oundana olimba ngati mwala, moti sitima wamba sizimayerekeza kudutsako. Tsopano madziwo akusungunuka. Kafukufuku yemwe adatuluka mu 2022 adapeza kuti kuyambira 1979, dera la Arctic lakhala likutentha mofulumira pafupifupi kanayi kuposa dziko lonse lapansi.

Njira yomwe ikutchuka kwambiri ndi ya Northern Sea Route, yomwe imatsata gombe la kumpoto kwa Russia mpaka pomwe dzikolo limayang'anizana ndi Alaska. Ubwino wake ndi kufupika. Sitima yochoka ku Rotterdam kupita ku Yokohama m'dziko la Japan imayenda makilomita oposa 20 000 ikadzera pangalande ya Suez ku Egypt, koma ikadzera kumpotoku safika 14 000. Ulendo ukafupika, mafuta amalowa ochepa ndipo katundu amafika msanga.

Eni sitima ali ndi chifukwa chinanso chofunira njira ina. Mu March 2021, sitima ya Ever Given idapingasa pangalande ya Suez ndi kuitseka kwa masiku asanu ndi limodzi. Kumapeto kwa 2023, gulu la Houthi la ku Yemen lidayamba kuchita chiwembu sitima panyanja ya Red Sea, ndipo zambiri zidayamba kuzungulira ku South Africa, ulendo womwe umaonjezera masiku khumi kapena kuposerapo. N'chifukwa chake Russia ndi China akuikapo mtima panjira ya kumpotoyi.

Koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2023, katundu yense wodzera njirayi adali matani pafupifupi 36 miliyoni, ndipo wambiri adali gasi ndi mafuta ochokera ku Russia komweko. Pangalande ya Suez, chiwembu chisadayambe, pamadutsa matani oposa 1 biliyoni pachaka. Sitima wamba zimatha kudzera ku Arctic miyezi yochepa chabe, makamaka kuyambira July mpaka October, ndipo nthawi zambiri zimafuna kutsogoleredwa ndi sitima zophwanya madzi oundana za kampani ya boma la Russia ya Rosatom, zomwe zimayendera mphamvu ya nyukiliya. Kampani ya Maersk idayesa njirayi ndi sitima ya makontena mu 2018, koma siidaisandutse njira yake ya masiku onse. Makampani ena akuluakulu monga CMA CGM ndi MSC adalengeza mu 2019 kuti sitima zawo sizidzerako.

Zoopsa zake n'zosabisika. Madoko ndi magulu opulumutsa anthu ali patalipatali, ndipo munthu akagwera m'madzi ozizira chonchija sakhalitsa. Mafuta akatayika amalowa pansi pa madzi oundana pomwe makina sangawapope, ndipo tizilombo tomwe timawaoletsa timagwira ntchito pang'onopang'ono kukazizira. Sitima ya Exxon Valdez idataya mafuta ku Alaska mu 1989, ndipo patatha zaka zoposa makumi awiri mafuta ena adali kupezekabe pansi pa miyala ya m'magombe.

Choopsa china ndi mwaye. Aliyense amadziwa kuti malaya oyera satentha padzuwa ngati akuda. Madzi oundana, poti ndi oyera, amabweza kuwala kwambiri kwa dzuwa. Utsi wa sitima ukawadetsa ndi mwaye amayamba kumwa kutentha n'kusungunuka msanga, ndipo madzi akuda a m'nyanja omwe amatsala poyera amamwa kutentha koposa. Sitima zikachuluka, mwaye umachuluka, njira imatseguka kwambiri, sitima zinanso n'kubwera.

Malamulo alipo koma ndi ofooka. Bungwe la United Nations loona za sitima zapamadzi la International Maritime Organization (IMO) lidayamba kugwiritsa ntchito malamulo a Polar Code mu January 2017. Lidaletsanso mafuta akuda olemera, omwe amatulutsa mwaye wambiri, panyanja ya Arctic kuyambira July 2024, koma sitima zambiri zidapatsidwa mpata wopitiriza kuwagwiritsa ntchito mpaka 2029.

Nanga mlimi wa ku Mponela apindulapo chiyani? Tikayang'ana pamapu, yankho likuoneka lokha. Njirayi imafupikitsa ulendo wa pakati pa kumpoto kwa Ulaya ndi kummawa kwa Asia. Katundu wathu wochokera kumaiko a Aluya, India ndi China amaoloka nyanja ya Indian kulunjika kumadoko a Mozambique ndi Tanzania, ndipo Arctic siili panjira. Ngakhale matani 20 000 a feteleza wa ku Russia omwe dziko lino lidalandira ngati mphatso mu March 2023 adalowera ku Mozambique. Zomwe zimakweza mtengo wa thumba lija zili pafupi nafe: kusowa kwa ndalama zakunja, kugwa kwa kwacha monga zidachitikira mu November 2023 pomwe idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, komanso mtengo wa mathiraki kuchoka kudoko.

Phindu silitifika, koma mavuto ake akutifika. Kutentha komwe kukutsegula njira ku Arctic ndi komweko komwe kukusokoneza nyengo kuno. Mpweya wotentha umanyamula chinyezi chambiri, ndipo mkuntho ukabwera umakhuthula mvula yochuluka. Akatswiri a World Weather Attribution adapeza kuti kusintha kwa nyengo kudakulitsa mvula ya namondwe wa Ana yemwe adagwetsa nyumba m'dziko muno mu 2022. Chaka chotsatira namondwe wa Freddy adapha anthu mazanamazana kuchigawo cha kummwera. Sitikunena kuti sitima za ku Arctic ndizo zidabweretsa anamondwewa. Tikunena kuti katundu wamkulu wodzera njirayi ndi gasi ndi mafuta, zomwe zikaotchedwa zimaonjezera kutentha komweko.

Ife tikuti boma lisaone nkhaniyi ngati ya eni ake. Malawi ndi membala wa IMO, ndipo mu 2024 dziko lino lidatsogolera gulu la maiko osaukitsitsa pazokambirana za kusintha kwa nyengo. Mawu tili nawo. Nthumwi zathu zigwirizane ndi maiko ena a mu Africa pokakamiza kuti mpata wa mafuta akuda uja usaonjezeredwenso ikafika 2029, komanso kuti pakhale lamulo lokhwima lochepetsa mwaye wa sitima.

Ndipo ngati tikufunadi njira yachidule, yathu ilipo kale. Njanji yochoka ku Nacala imalowa m'dziko muno pa Nayuchi, kudutsa pa Liwonde ndi Nkaya mpaka ku Kanengo, mtunda wosakwana makilomita 60 kuchoka pa Mponela. Kuisamala njanjiyi kuti feteleza ndi mafuta azibwera pasitima yapamtunda chaka chonse, kukonza misewu ya kumidzi ya Dowa ndi Ntchisi kuti soya ndi mtedza zizifika pamsika nthawi yadzinja, ndi kulimbikitsa manyowa kuti thumba limodzi lizikwanira munda wokulirapo, ndizo zingachepetse zomwe mlimi amalipira. Aphungu a madera amenewa azifunsa za njanji ndi misewuyi pokambirana ndondomeko ya zachuma ku Nyumba ya Malamulo.